Kupalasa njinga m'misewu yafumbi ya kumapiri a Manicaland: mafunso ndi mayankho

Ambiri mwa ife amene timakumana Loweruka m'mawa kuti tipalase njinga kuno ku Harare ndife ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi, ndipo ena tangofika zaka zaposachedwapa. Njinga si chinthu chachilendo kwa aliyense wa ife, koma tikayamba kukamba za ulendo wa kumapiri a chigawo cha Manicaland, kum'mawa kwa dziko lino la Zimbabwe, mafunso amene amabwera amakhala omwewo chaka ndi chaka. Tawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho ake, monga momwe misewuyo yatiphunzitsira.

Kodi kupalasa kumeneku kukusiyana pati ndi kupalasa komwe tinakula nako kumudzi?

Msewu wake ndi womwewo: wafumbi, wamiyala, wokumbika ndi madzi, wodutsa m'minda ndi m'nkhalango. Munthu amene ananyamulapo thumba la chimanga pakaliyala kupita nalo kuchigayo, kapena amene anachitapo kabaza, amaudziwa kale msewu wotere kuposa anthu ambiri amene amagula njinga zodula zotchedwa gravel. Kusiyana kwake n'kwakuti pano munthu amasankha dala msewu wautali ndi wovuta, amayenda tsiku lathunthu kapena masiku angapo kudera lomwe alibeko wachibale, ndipo njinga ikawonongeka amayenera kuikonza yekha pomwepo. Njinga ya gravel imaoneka ngati ya mpikisano wa pamsewu wa tala, ndi mahandulo opindikira pansi, koma matayala ake ndi onenepa ndipo magiya ake ndi opepuka.

N'chifukwa chiyani timalimbikira za kum'mawa, pamene misewu yafumbi ili ponseponse m'Zimbabwe?

Chifukwa kumeneko n'kumene kuli mapiri ndi nkhalango pamodzi. Mtandadza wa mapiri umenewu umatsata malire a Zimbabwe ndi Mozambique kwa makilomita pafupifupi 300, kuyambira ku Nyanga kumpoto, kudutsa ku Vumba pafupi ndi Mutare, mpaka ku Chimanimani kummwera. Mphepo yonyowa yochokera kunyanja ya Indian imagunda mapiriwa n'kusiya mvula yambiri, motero kumakhala kobiriwira pamene madera ena auma. Makampani a matabwa anadzala paini, bulugamu ndi mitengo ya wattle pamalo aakulu, ndipo pofuna kutulutsa mitengoyo analambula misewu yambirimbiri yokhotakhota m'mbali mwa mapiri. Amene anafikapo ku Chikangawa kapena pamwamba pa phiri la Zomba akaona Nyanga amangoti afika kwawo, pakuti fungo la paini ndi kuzizira kwa m'mawa n'zofanana.

Kuchoka ku Harare kukafika ku Mutare ndi makilomita pafupifupi 260 pamsewu wa A3 wodutsa ku Marondera, Macheke, Headlands ndi Rusape. Wopita ku Nyanga amapatuka pa Rusape n'kulowera ku Juliasdale.

Ndimakwanitsa makilomita 80 kuno ku Harare popanda vuto. Kodi ndikonze ulendo wa makilomita omwewo patsiku?

Ayi, ndipo funso limeneli ndi lomwe lagwetsa anthu ambiri m'mavuto kuposa lina lililonse. Harare ili pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, koma ndi malo athyathyathya, ndipo zitunda zake n'zazifupi moti munthu amazimaliza mpweya usanamuthere. Miyendo yozolowera misewu ya kuno imaphunzira kuwerenga ulendo m'makilomita. Kumapiri makilomita amanama. Chofunika kudziwa musananyamuke ndi kuchuluka kwa mamita amene mukwere tsiku limenelo, mutaphatikiza zitunda zonse.

Tiyerekeze motere. Msewu umene umakwera mamita 100 pa kilomita imodzi ndi chitunda cha 10 peresenti, ndipo zitunda zotere m'misewu ya m'nkhalango n'zosasowa. Pamsewu wa tala chitunda chimenechi munthu amatha kuchikwera ataimirira pamapedulo, koma pamiyala yosagwirana tayala lakumbuyo limangozungulira pamodzimodzi mukangodzuka pachishalo, choncho mumakwera mutakhala pansi, pang'onopang'ono, mwina pa liwiro la munthu woyenda wapansi. Ife tikamakonza ulendo timawerenga chonchi: pamsewu wafumbi wosakwera timayika makilomita 12 mpaka 15 pa ola, kenaka timawonjezera ola limodzi pa mamita 400 kapena 500 alionse okwera, ndiponso ola lina la kudya, kufunsa njira ndi kumata chubu. Mwa kuwerenga kumeneku, ulendo wa makilomita 50 wokhala ndi mamita 1,200 okwera umadya maola asanu ndi awiri kapena kuposerapo. Amene akupita koyamba asapitirire makilomita 40 ndi mamita 800 patsiku, ngakhale atadzimva mphamvu chotani ponyamuka.

Palinso nkhani ya dzuwa. M'mwezi wa Juni kumeneko dzuwa limalowa 5:30 madzulo isanakwane, ndipo m'zigwa zakuya mdima umafika msanga kuposa pamenepo. Ulendo wochedwa ndi maola awiri umathera mumdima ndi m'chisanu, zomwe kuno ku Harare zingakhale zongosautsa koma pamwamba pa Nyanga zingathe kupha munthu wovala malaya onyowa ndi thukuta. Mapulogalamu a mapu a pafoni amasonyeza kukwera ndi kutsika kwa njira. Yang'anani chithunzi chimenecho musanayang'ane kutalika kwake, ndipo sungani mapuwo m'foni, pakuti m'zigwa zambiri netiweki imasowa.

Ku Nyanga ndiyambire pati?

Kwa woyamba, misewu ya m'kati mwa Nyanga National Park ndi yoyenera chifukwa imalumikiza malo odziwika ndipo n'kovuta kusochereratu: madamu a Rhodes, Mare ndi Udu, mathithi a Nyangombe, ndi msewu wozungulira umene umakafika m'tsinde mwa phiri la Nyangani. Pakiyi imayang'aniridwa ndi ZimParks, bungwe la boma loona za mapaki ndi nyama zakutchire, polowa pamalipidwa, ndipo ndi bwino kuyamba mwafika ku ofesi kukafunsa misewu imene njinga ikuloledwa ndi imene yawonongeka. Phiri la Nyangani, lotalika mamita 2,592, ndi lalitali kuposa onse m'Zimbabwe, ngakhale kuti Sapitwa wa ku Mulanje, wa mamita 3,002, amaliposa. Pansonga pake sipafikika panjinga, ndipo eni dera amalilemekeza ngati phiri la mizimu, monga momwe a ku Mulanje amachitira ndi Sapitwa. Anthu anasowapo paphiripo, ndipo amene akufuna kukwera wapansi atenge munthu wolondolera njira.

Njira yachiwiri ndi yochokera ku Troutbeck kupita ku World's View, pamtunda woposa mamita 2,000, pomwe phiri limathera mwadzidzidzi ndipo chigwa chonse cha kumadzulo chimaoneka pansi. Ndi yaifupi, koma mpweya wa pamwamba pamenepo umachititsa wefuwefu ngakhale munthu wa ku Harare.

Yachitatu, imene ife timaikonda kuposa zonse, ndi msewu wafumbi wotchedwa Scenic Road, wopita kummwera kudutsa pamalo oonera chigwembe cha mtsinje wa Pungwe mpaka kumathithi a Mutarazi, amene madzi ake amagwa mamita oposa 700 kulowa m'chigwa cha Honde. Msewuwu umadutsa m'madambo a udzu waufupi ndi m'minda ya paini mosinthanasinthana, uli ndi zigawo za miyala ikuluikulu, ndipo malo ogula chakudya ndi osowa. Amene amakonda mbiri angatsikirenso kumadzulo, kudera lotentha ndi louma, kukaona mabwinja a Ziwa, kumene anthu akale anamanga mizere ya miyala m'mbali mwa mapiri kuti azilimapo.

Nanga chigwa cha Honde, chomwe aliyense amachitama?

Ndi chokongola ndithu, koma ndi msampha kwa munthu wosawerenga. Kuchokera pamsewu wa Mutare kupita ku Nyanga, msewu wa tala wokhotakhota umatsika pafupifupi mamita 1,000 kulowa m'chigwa, ndipo wa ku Dedza angaufanizire ndi msewu wotsikira ku Golomoti. Potsika munthu amasangalala, kuiwala kuti ngongole yonseyo adzaibweza pokwera. Pansi pake kuli Hauna, kumene kuli msika ndi masitolo, minda ya nthochi, ndi minda ya tiyi yopita chakumpoto mpaka ku Aberfoyle, yofanana kwambiri ndi ya ku Thyolo ndi Mulanje. Misewu yafumbi ya m'chigwamu ndi ya dothi lofiira ngati katondo, yabwino ikauma, yoterera ngati sopo ikanyowa.

Kutentha kumasintha ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse, motero mukhoza kunyamuka mutavala juzi pamwamba n'kufika pansi thukuta lili kamukamu. Amene akufuna kukwera kubwerera ayambe m'bandakucha, dzuwa lisanawombe khoma la phirilo, kapena apangane ndi galimoto yoti iwakweze.

Kodi pafupi ndi Mutare pali njira za tsiku limodzi?

Zilipo ziwiri zabwino. Kummwera chakum'mawa kuli Vumba, dzina lotanthauza nkhungu m'chilankhulo cha eni dera. Msewu waukulu wokwera ku Vumba ndi wa tala, ndipo umadutsa m'nkhalango yachilengedwe ya Bunga, m'mene muli anchima, n'kukafika kumunda wa maluwa wa boma ndi kuhotela ya Leopard Rock. Nsonga yaitali ya mapiri a Vumba, Castle Beacon, ndi ya mamita 1,911. Njira yozungulira kudzera ku Essex Valley ndi Burma Valley, ya makilomita pafupifupi 70, ili ndi tala wokalamba wosakanikirana ndi miyala, imatsikira kuminda ya nthochi kufupi ndi malire, ndipo kukwera kwake n'kwa anthu okhwima.

Kumpoto kwa Mutare, mukadutsa chitunda cha Christmas Pass, kuli Penhalonga, mudzi wakale wa migodi ya golide, ndipo kuseri kwake kuli nkhalango ya Stapleford ndi Lake Alexander. Misewu ya kumeneko ndi ya mthunzi wambiri. Koma dziwani kuti m'mphepete mwa mitsinje ya ku Penhalonga muli anthu ambiri okumba golide paokha, pali maenje osakwiriridwa, ndipo si malo oti munthu mmodzi aziimaima ndi kamera.

Ku Chimanimani misewu ili bwanji chichokereni namondwe uja?

Namondwe wa Idai, amene mu Malichi 2019 anasautsanso abale athu ku Nsanje ndi Chikwawa, anagumula mapiri ku Chimanimani, kukokolola milatho ndi kupha anthu ambiri. Misewu ikuluikulu inakonzedwa, koma yaing'ono ya m'mapiri imasintha mvula iliyonse ikagwa, choncho mapu akale musawakhulupirire kwathunthu. Funsani oyendetsa magalimoto a m'deralo tsiku loti munyamuka. Tauni ya Chimanimani ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Mutare. Msewu wafumbi wakale wochokera ku Cashel kukafika ku Chimanimani ndi umodzi mwa yokoma kwambiri m'dziko lino, wopapatiza, wokhota m'mphepete mwa maphompho, koma ndi ulendo wa tsiku lathunthu wopanda thandizo lapafupi, ndipo sitilangiza aliyense kuuyenda yekha. Wofuna zopepuka angapalase kuchoka m'tauni kupita kumathithi a Bridal Veil n'kubwerako nkhomaliro isanakwane.

Kummwera kwenikweni, kupitirira Chipinge, kuli nkhalango ya Chirinda pa Mount Selinda. Mtengo wake wotchuka, umene amautcha Big Tree, wotalika mamita oposa 60, ndi mbawa, mtengo womwewo umene akalipentala a kwathu amapangira zitseko ndi mipando.

Miyezi yabwino ndi iti?

Kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka Ogasiti. Mu Epulo ndi Meyi mvula imakhala itasiya, dziko likadali lobiriwira, mitsinje ili ndi madzi ndipo fumbi silinachuluke. Juni ndi Julayi ndi miyezi ya thambo loyera, koma ku Nyanga chisanu chimagwa usiku mpaka udzu kuyera, moti magolovesi ndi jekete lotchinga mphepo si zodzikongoletsera. Kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala mitengo ya msasa imaphuka masamba ofiira, ndipo mapiri amaoneka ngati apakidwa utoto, koma nthawi yomweyo ndi ya moto wolusa ndi utsi. Okutobala amatentha kwambiri m'zigwa. Kuyambira Novembala mpaka Malichi ndi dzinja: matope amamatirira pakati pa tayala ndi felemu mpaka gudumu kuleka kuzungulira, mitsinje imadzaza m'kanthawi kochepa, ndipo ziphaliwali pamalo opanda mitengo n'zoopsa.

Ngakhale m'miyezi youma kumabwera kamvula kowaza ka nkhungu komwe kuno amati guti, komwe ife timakadziwa kuti chiperoni. Kamatha kukhala masiku awiri kapena atatu, ndipo kakafika munthu saona ngakhale mnzake amene ali patsogolo pang'ono. Kakakupezani pamwamba, valani zonse zomwe mwanyamula, yatsani nyali, ndipo tsatani msewu umene mukuudziwa, osati wachidule.

Kodi ndiyenera kugula njinga ya gravel, kapena yomwe ndili nayo ingakwanitse?

Musathamangire kugula. Njinga ya m'mapiri wamba, ya magiya ogwira bwino ndi mabuleki olimba, imakwanitsa njira zonse zomwe tatchulazi, ndipo pamisewu yokumbika kwambiri imaposa ya gravel. Chofunika kwambiri ndi giya yopepuka. Yang'anani mano: ngati giya yaing'ono yakutsogolo ili ndi mano ofanana kapena ochepa poyerekeza ndi yaikulu yakumbuyo, monga 34 kutsogolo ndi 36 kumbuyo, mudzakwera zitunda zambiri osatsika. Ngati yakutsogolo ndi yaikulu, mudzakankha njinga nthawi yaitali kuposa yomwe mudzaipalase.

Ena amafunsa za njinga zachitsulo za giya imodzi, monga za Buffalo, zomwe zimapezeka kuno ngakhalenso ku Malawi. Kulimba n'zolimba, ndipo kaliyala wake amanyamula katundu amene njinga zodula sizingayerekeze, koma kulemera kwake ndi kusowa kwa magiya kumachititsa kuti chitunda chilichonse chikhale choyenda wapansi. Anthu a m'deralo amachita zimenezo tsiku lililonse popanda manyazi, ndipo inunso musaone ngati kukankha njinga ndi kulephera. Ingowerengerani nthawi yake.

Nanga matayala ndi zida zokonzera?

Matayala a mamilimita 40 mpaka 50 m'lifupi ndi oyenera. Ambiri timalakwa powapopa mpaka kuuma gwa, poganiza kuti tayala lolimba limathamanga. Pamiyala tayala lotere limadumphadumpha, siligwira pansi, ndipo limapweteka manja ndi msana. Kwa munthu wa thupi lapakatikati, mpweya wa 30 mpaka 40 psi pa geji ya pampu umakwana. Mukachepetsa kupitirira apo, limu imatsina chubu pamwala n'kuboola timabowo tiwiri toyandikana ngati mano a njoka. Matayala opanda chubu, othiramo madzi omata, amathandiza kwambiri paminga, komabe nyamulani machubu awiri, chifukwa mwala wakuthwa ukang'amba m'mbali madziwo sathandiza.

M'chikwama musasowe pampu, zigamba ndi guluu wake, zotsegulira tayala, masipanala aang'ono, chodulira tcheni ndi mfundo yake yapadera, mafuta a tcheni, zomangira zapulasitiki, ndi kachitsulo kapadera kolumikiza chosinthira magiya chakumbuyo ku felemu, komwe kamapindika msanga njinga ikagwa ndipo kamasiyana njinga ndi njinga. Okonza njinga a m'misika ya kumidzi ndi aluso pomata chubu, kuwongola limu ndi kumanga masipoko, koma sasunga zida za mabuleki a disiki kapena tcheni cha magiya 11. Zotere zigulidwe ku Harare kapena ku Mutare.

Potsika phiri ndichite chiyani kuti ndisagwe?

Ngozi zambiri zimachitika potsika. Khalani chakumbuyo kwa chishalo, mawondo ndi zigongono zikhale zomasuka, maso ayang'ane patali kumene mukupita osati pamwala umene mukuuopa. Chepetsani liwiro musanalowe pokhota, pakuti kugwira buleki yakutsogolo muli pakati pa kona pamiyala kumagwetsa nthawi yomweyo. Pamtsetse wautali musakoke mabuleki mosalekeza: gwirani mwamphamvu pang'ono, siyani, gwiraninso. Mnzathu wina anatsika phiri lonse atafinya mabuleki a palimu, limuyo inatentha mpaka chubu kuphulika, ndipo anapulumuka chifukwa choti panali powongoka. Chipewa cholimba choteteza mutu chivalidwe nthawi zonse, ngakhale pokagula buledi pagolosale.

Kodi misewu ya m'nkhalango za paini ndi ya aliyense?

Ayi. Misewu ina yodutsa m'nkhalango ndi ya boma kapena ya khonsolo, ndipo aliyense amayendamo, koma yambiri ndi ya makampani monga Allied Timbers, Border Timbers ndi Wattle Company, chimodzimodzinso ya m'minda ya tiyi ili ndi eni ake. Mukafika pachipata kapena pachikwangwani, imani, perekani moni kwa mlonda, fotokozani kumene mukuchokera ndi kumene mukupita, ndipo akakana bwererani mwaulemu. M'miyezi ya moto amakhwimitsa malamulo, ndipo ali ndi chifukwa, popeza paini amatenga zaka pafupifupi makumi awiri kuti akhwime koma amapsa m'tsiku limodzi. Musasonkhe moto kapena kutaya chotsalira cha fodya m'nkhalango.

Kumbukiraninso kuti imeneyi ndi misewu yantchito. Lole yodzaza mitengo ikamatsika phiri singaime msanga, ndipo pokhota imatenga msewu wonse. Mukamva kulira kwa injini tulukani mumsewu, imani, dikirani mpaka fumbi litsike, chifukwa nthawi zambiri pambuyo pake pamabwera ina. Zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni kunyumba. Kumene akugwetsa mitengo musadutse mpaka wogwira ntchito akukodoleni.

Tamva za mabomba okwirira m'malire. Kodi n'zoona?

N'zoona. Pa nkhondo ya ufulu, m'zaka za m'ma 1970, asilikali a boma la Rhodesia anakwirira mabomba m'zigawo zingapo za malire a Mozambique, kuphatikizapo madera ena a Manicaland. Ntchito yowachotsa yakhala ikuchitika kwa zaka zambiri ndipo malo ambiri anayeretsedwa, koma lamulo lathu silisintha: kufupi ndi malire yendani mumsewu umene anthu ndi magalimoto akugwiritsa ntchito, musalowe patchire ngakhale pofuna kudzithandiza, ndipo mukaona zikwangwani zofiira kapena timitengo topakidwa utoto musapitirire. Malire enieniwo m'malo ambiri alibe mpanda, ndiye munthu angathe kulowa m'Mozambique osadziwa. Yendani ndi chitupa chanu, ndipo amene ali ndi pasipoti ya Malawi anyamulenso chilolezo chake chokhalira m'dziko lino.

Za chakudya, madzi ndi matenda?

Nyamukani ndi malita awiri kapena atatu a madzi, ndipo dzazaninso pamjigo uliwonse umene mwaupeza, mutapempha kaye kwa amene ali pamenepo. Madzi a mumtsinje athiridwe mankhwala kapena aphitsidwe, makamaka kumunsi kwa midzi ndi kwa okumba golide. Thukuta limachotsa mchere m'thupi, ndipo njira imene zipatala za kuno zimaphunzitsa imathandiza: masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'botolo la madzi la mamililita 750. Idyani pang'onopang'ono ola lililonse njala isanakupezeni. Mbatata yophika, mtedza, nthochi, maputi (mbuliwuli) ndi mahewu zimagwira ntchito kuposa zakudya zodula za m'mapaketi, ndipo chakumapeto kwa chaka m'mbali mwa msewu mumagulitsidwa masuku, omwe kuno amati mazhanje. Nsima yambiri masana imalemeretsa pachitunda; isungireni madzulo. Tengani ndalama zing'onozing'ono za madola a ku America ndi ZiG, ndalama ya dziko lino, chifukwa chenji chimavuta ndipo EcoCash, njira yolipirira pafoni, imadalira netiweki.

Pamwamba pa Nyanga udzudzu ndi wochepa, koma m'zigwa zotentha monga Honde ndi Burma Valley malungo alipo. Amene takhala ku Harare zaka zambiri tisadzinamize kuti thupi likadali lozolowera monga kale. Gonani m'neti, ndipo mukamva kutentha thupi m'masabata otsatira mutabwerako, kayezetseni msanga n'kumuuza dokotala kumene munali. M'madzi odekha a m'zigwa musasambe, kuopa likodzo, ndipo madzulo dzifufuzeni nkhupakupa.

Njinga ndingaifikitse bwanji kumeneko ngati ndilibe galimoto?

Mabasi opita ku Mutare ndi ku Nyanga amanyamuka ku Mbare Musika ndi malo ena a m'tauni, ndipo ambiri amalola njinga mukalipira ya katundu. Gwirizanani mtengo musanakweze. Chotsani gudumu lakutsogolo ndi mapedulo, kulungani felemu ndi makatoni, ndipo imani pomwepo pamene akulongedza. Ulendo wina kondakitala wa basi ina anagoneka njinga yanga chagada mbali ya magiya n'kusanjikapo matumba a mbatata, ndipo ndinayamba ulendo wa masiku atatu ndi magiya anayi okha ogwira. Kuyambira pamenepo chosinthira magiya chakumbuyo ndimachimasula n'kuchimangirira mkati mwa felemu.

Chishona changa n'cha ku Harare, ndipo ena mwa ife sachidziwa bwino. Kodi tidzamvana ndi anthu?

Mudzamvana. Ku Nyanga ndi ku Mutare amalankhula Chimanyika, ku Chimanimani ndi ku Chipinge amalankhula Chindau, ndipo onse amamva Chishona cha m'tauni. Chofunika kwambiri ndi khalidwe lomwe tinaphunzira kwathu: pofunsa njira tsikani panjinga, vulani magalasi akuda, perekani moni wonse wa mangwanani kapena masikati, muwatchule akuluakulu kuti sekuru, ambuya, baba kapena amai, ndipo kenaka mufunse. Pofunsa musanene kuti "kodi ndi makilomita angati", koma funsani ngati galimoto yadutsa sabata imeneyo, ngati mlatho ulipo, ndi nthawi imene munthu wapansi amatenga. Mukafuna kumanga tenti pafupi ndi mudzi, pitani kaye kwa sabhuku, amene ali ngati nyakwawa kwathu. Pamudzi chepetsani liwiro chifukwa cha ana, mbuzi ndi nkhuku, ndipo musajambule munthu kapena manda musanapemphe.

M'makomboni a m'minda ya tiyi, m'macheka a matabwa ndi m'migodi musadabwe kumva Chichewa, pakuti makolo ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique anakhazikika kumeneko kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko lino a 2013. Nkhalamba ina itatimva tikukambirana za tcheni chathu chomwe chinaduka inangoti, "Ana inu, kwanu n'kuti?" ndipo tsiku limenelo tinachedwa ndi maola awiri, tikumwa tiyi pakhonde.

Ndingakonzekere bwanji ndili konkuno ku Harare?

Funani zitunda ndi fumbi, osati makilomita. Misewu ya ku Domboshava ndi Ngomakurira kumpoto, ndiponso ya ku Chishawasha, Arcturus ndi Goromonzi kum'mawa, ili ndi mchenga, miyala ndi zitunda zokwanira kuphunzirirapo. Popeza palibe chitunda chachitali ngati cha Honde, sankhani chimodzi n'kuchikwera kasanu kapena kasanu ndi kamodzi motsatizana, mutakhala pachishalo, mutanyamula katundu yense amene mudzapite naye. Chitani zimenezi kwa masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, ndipo kamodzi palasani Loweruka ndi Lamlungu motsatizana kuti mudziwe mmene miyendo ndi matako zimamvera tsiku lachiwiri. Yeserani kuchotsa gudumu lakumbuyo ndi kulumikiza tcheni muli pakhomo, manja ali oyera. Sabata yomaliza sinthani mphira za mabuleki, ndipo tsiku lonyamuka musiyire wachibale pepala lolembapo njira ya tsiku lililonse, malo ogona, ndi ola limene ayambe kukufunani mukapanda kuimba foni.